Thobwa Logona ndi Kamakina ka Apolisi

Ine sindimwa mowa. Gwirani mawu amenewa poyamba, chifukwa zimene ndikufuna kunenazi zinasokoneza dera lathu lonse.

Ndinayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi, kututa masamba kuchokera m'minda kupita kufakitale. Sindinagundepo ngakhale nkhuku. Ndine wa mpingo wa Sabata chibadwire. Tiyi amene ndinakalamba ndikumututayo sindinamulawepo (mwamva bwino), ndiye mowa ukanandipeza bwanji? Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma dzina langa linalibe banga. N'chifukwa chake anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya chitetezo m'dera lathu.

Disembala kuno ndi mwezi wovuta. Tiyi amaphuka ndi mvula, ntchito imachuluka, ndipo akuba nawonso amaidziwa kalendala. Mbuzi zimasowa m'makola, mafoni amalandidwa m'tinjira ta m'minda. Zimenezo timalimbana nazo tokha ndi malikhweru ndi zibonga. Koma Disembala wapitayu mdani wamkulu anali akabaza a njinga zamoto, oledzera dzuwa lili pamutu. Mmodzi anagunda Mayi Esinala, wothyola tiyi, dengu lili kumsana. Mwendo unathyoka. Wogundayo anathawa.

Ndinavala jekete, ulendo wa kupolisi. Ndinapitako katatu. Kachitatu anavomera kuti tsiku loti mawa ndi Khirisimasi adzatchinga msewu pamphambano yathu, polowera ku Masambanjati, ndipo adzabwera ndi kamakina koyeza mowa. Pamsonkhano wa m'dera ndinaimirira n'kulengeza lamulo langalanga: "Dontho limodzi m'mimba, tsika panjinga, uyende wapansi!" Anthu anawomba m'manja. Ndinabwereza kawiri, chifukwa mawuwo anandikomera.

Tsono sabata imeneyo tinali ndi anthu opalira chimanga, ndipo mayi a kunyumba anawaphikira thobwa Lamlungu. Lachitatu m'mawa, tsiku la apolisi lija, lotsala linali m'chigubu kuseri kwa chitseko. Chigubucho chinali chitafufuma ngati chule.

"Limenelo lisiyeni, bambo," anatero mayiwo ataona ndikuchinyamula. "Lasasa. Ndikataya kudzala."

"Chimanga changa, chimera changa, mukataye kudzala? M'nyumba muno simutayidwa chakudya."

"Lagona masiku atatu."

"Inenso ndagona masiku atatu. Mukanditaya?"

Nditapotokola chitsekerero, chigubu chinachita kuti fyuuu. Thobwalo linali lakuthwa, lobaya lilime pang'ono. Ndinamwa makapu atatu kuti ndionetse mfundo yanga. Yachinayi sindikudziwa ndinkaonetsa chiyani.

Ndinaliza njinga yanga yamoto yakale, ulendo wa kumphambano. M'njira tiyi anali wobiriwira kuposa masiku onse. Ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, ndime zonse, ine amene sindiimba ngakhale pamaliro. Ndinati ndi chimwemwe cha munthu amene wagwira ntchito yabwino.

Ndinapeza apolisi aika kale migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Wotsogolera anali asajenti, mayi wamfupi wochokera ku Mpoto, wosakweza mawu. Akabaza asanu anali atakhala pansi pa mtengo wa bulugamu, makiyi atalandidwa. Anthu anali atadzaza, ndipo Mayi Esinala analipo ndi ndodo zawo.

Kamakinako ndinakayang'ana nthawi yaitali. Kakang'ono, kolowa m'thumba la malaya, kokhala ndi kapaipi koyera kutsogolo. Anabwera wina atatafuna masamba a gwafa kuti abise fungo. Anauzira. Kanalira. Anabwera kalaliki wa ku ofesi ya esiteti, wa tayi ndi galimoto, akuyankhula Chingerezi chokhachokha. Anauzira. Kanalira momwemo, osasintha mawu. Masiku athu kapitawo ankachita kununkhiza munthu pakamwa, ndipo akakhala mlamu wake mphuno inkatseka yokha. Koma aka kalibe mphuno, kalibe mlamu, sikadziwa tayi. Kamangomva mpweya n'kunena zimene zili m'mimba. Ndinavula chipewa (inde, ndinavulira chipewa kachitsulo).

Pamenepo anaimirira Jailosi, mtsogoleri wa akabaza aja, munthu wa pakamwa potha.

"Bwana, kachinthu kanuko n'kabodza! Chiyambire m'mawa aliyense wouzira kakumangolira. Yezani munthu amene tonse tikudziwa kuti samwa. Kakakhala chete, tivomera."

"Atcheya! Atcheya!" anthu anafuula.

Sindinadikire kuitanidwa kawiri. Ndinakonza jekete, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Ndinauzira ngati ndikukoleza moto wa nkhuni zaziwisi.

Kanalira.

Ndinamva ngakhale mbuzi ikutafuna kutsidya kwa msewu. Asajenti anachotsa kapaipi, naika katsopano. Ndinauziranso. Kanaliranso.

Jailosi analumpha m'mwamba. "Mwaonatu! Ngati atcheya aledzera, ndiye kuti ine ndi m'busa! Bweretsani makiyi athu!"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Onse anali kumbali yanga, ndipo limenelo ndilo linali vuto. Ena anali atagwira kale mtengo wopingasa uja kuti auchotse. Asajenti anandiyandikira n'kuyankhula chapansipansi.

"Abambo, mwamwa chiyani lero? Nambala yake ndi yochepa, siyofika pokumangani. Koma ilipo. Mukanena kuti simunamwe kanthu, anthuwa akhulupirira inu, osati ine."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane. M'malo mwa mawu, ndinageya. Fungo limene linandikwera m'mphuno ndinalidziwa bwino. Ndakhala ndikulimva kwa ena moyo wanga wonse, ndikuwadzudzula. Chigubu chofufuma chija chinandibwerera m'maso, pamodzi ndi nyimbo ya m'njira ija.

Ndikanatha kukhala chete. Dzina langa likanatsala loyera, kamakina kakanatchuka kuti n'kabodza, migolo ikanakwezedwa m'galimoto, ndipo oledzera asanu akanakwera njinga zawo dzuwa la Khirisimasi lisanatuluke. Ndinayang'ana pansi. Maso anga anagwera pa mwendo wa Mayi Esinala.

"Siyani mtengowo," ndinatero. "Kamakina sikananame. Ndamwa thobwa logona masiku atatu. Makapu anayi."

"Anayi!" Jailosi anagwira m'mutu. "Madala, ife amene timayambira awiri!"

Kuseka kwake kunamveka mpaka kufakitale, ndikhulupirira. Amayi ena anachita kukhala pansi. Kenaka wina kumbuyo anayambitsa: "Dontho limodzi m'mimba..." ndipo khamu lonse linamaliza ngati ana a sukulu: "Tsika panjinga, uyende wapansi!"

Ndinatulutsa kiyi n'kupereka ndi manja awiri.

"Lamulo la boma silikukukakamizani, abambo," asajenti anatero.

"Langa likundikakamiza."

Ndinapita kukakhala pansi pa bulugamu. Jailosi anasendera kundipatsa malo, n'kusasa fumbi ndi dzanja. "Takulandirani, achimwene," anatero. Munthu woti ndi msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Ndinakhala pamalopo.

Pamenepo Mayi Esinala anadzikoka ndi ndodo zawo kufika kutsogolo. "Tandipatseni inenso ndiuzire. Ine ndadya mbatata ndi madzi basi." Anauzira. Kamakina kanakhala duu. Palibe amene anatsutsanso. Mtengo unakhala pamigolo mpaka madzulo, ndipo apolisi anabweranso pa Chaka Chatsopano. Nyengo yonseyo pamsewu wathu sipanagundidwe munthu.

Ndinabwerera wapansi, kudzera m'tinjira ta m'minda kuti ndisakumane ndi anthu. Sizinathandize. Nkhani ilibe kiyi woti n'kuilanda. Ndinapeza mayi a kunyumba atatsuka chigubu n'kuchivundikira pathandala. Patebulo panali kapu imodzi yovundikira ndi mbale.

"Lotsala ndi limenelo," anatero. "Ndakusungirani. Paja muno simutayidwa chakudya."

Ndinakalitaya ndekha kudzala.

Akulu a mpingo anabwera awiri pambuyo pa Sabata. Ndinafotokoza zonse osabisa. Anati cholakwa cha kusadziwa chimakhululukidwa (mmodzi wa iwo anafunsa kawiri kuti linagona masiku angati kwenikweni, ndipo kafunsidwe kake sindinakakonde). Upampando sanandilande. Koma akabaza ndikamadutsa amakweza zala zinayi, mwaulemu ndithu, dzanja lina lili pachifuwa.

Kamakina kaja sindikasungira mangawa. Ndimakaopa ndipo ndimakalemekeza. Zaka makumi asanu ndi awiri ndinkaganiza kuti za m'kati mwanga ndimazidziwa ndine ndi Mulungu. Kachitsulo kolowa m'thumba kanaona zimene mwini mimbane sindinazidziwe, n'kuzinena pagulu, osaopa imvi zanga. Wapampando amayenera kutero. Ine ndinachita kuphunzitsidwa ndi kanthu koyendera mabatire.

Masiku ano ndikapatsidwa thobwa, ngakhale paukwati, ndimayamba ndafunsa tsiku limene laphikidwa. Akazengereza kuyankha, ndimabweza kapu. Chatsala chimodzi chokha, chimene sindinauze akulu a mpingo. Pa thobwa lonse limene ndamwa moyo wanga, lokoma koposa linali lija la Lachitatu. Zimenezo kamakina sikangaziyeze. Ndazinena ndekha.