Ndevu Zanga ndi Kabodi Kakang'ono

Lolemba

Katundu wafika kuchokera ku Joni! Mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Esinati, watumiza ubongo wa kompyuta. Dzina lake akuti prosesa. Kanthu kaphanthiphanthi ngati bisiketi, koma akuti kamaganiza kuposa madikoni onse atakhala pamodzi.

Iye pa foni: "Bambo, chimenecho chimadya magetsi koopsa. Mupeze mazabodi yaikulu ndi bokosi lalikulu lopita mphepo." Mazabodi ndi bodi yobiriwira imene ubongowo umakhalapo. Ndavomera pakamwa pokha. Lalikulu la chiyani? Kuti akuba alionere pa windo? Ayi. Kompyuta yanga ikhala m'bokosi la wailesi ya malemu bambo, ija inasiya kulankhula nthawi ya chipani chimodzi. Wakuba akalowa aona wailesi yakufa, andimvera chisoni, mwina n'kusiyako kenakake.

Masana ndakanena pa bawo, pakhonde la golosale. Che Bwanali, mnzanga wa paubwana amene sanandikhulupirirepo pa chilichonse, aseka mpaka kofia kugwa. "Inu a Sitandade 5? Kompyuta? Mu wailesi?"

Ndiye tapangana pamaso pa mboni:
- ikayaka pa bawo pomwepo lisanafike Lamulungu, azinditchula Injiniya mpaka imfa
- ikakana, andimeta ndevu ndi dzanja lawo

Ndevu izi lumo silinazikhudze chiyambire matipate. Mayi a Esinati atamva, ayamba kuimba nyimbo ya kwaya uku akutsuka mbale. Mdani ali m'nyumba!

Lachiwiri

M'tauni, wailesi kukhwapa. Dzuwa la Okutobala lofuna kupha munthu.

Koyamba kwa a Ismail a sitolo ya zitsulo, kumene ndakhala ndikugula misomali kuyambira iwo ali kamnyamata pambali pa bambo awo. Aitembenuza prosesa uku ndi uku, andibwezera ndi manja awiri. "Madala, penti ilipo, maloko alipo, mababu alipo. Ichi pitani ku Limbe." Ndati Limbe akadakhala ndi nzeru bwenzi likulu lakale lili kumeneko, osati kwathu kuno. Andipatsa madzi ozizira kuti ndizipita.

Kenako kumsika kwa a Mphatso okonza makompyuta. Kashopu kodzaza mawaya mpaka kudenga. Phunziro la lero: ubongo uliwonse uli ndi mpando wake pa bodi, akuti soketi. Sukhala pa mpando wa mnzake. Ulemu umenewo ngakhale m'minibasi mulibe.

Mabodi amene ali nawo:
- yaing'ono yokwana mu wailesi, koma mpando wolakwika
- ina yaing'ono, inapsa kalekale, amaikapo kapu ya tiyi
- ya mpando woyenera, kukula ngati thireyi ya mandasi!

Ndafunsa ngati tingaicheke m'mbali ndi sowo. Ine ndacheka paini paphiri moyo wanga wonse, dzanja silinjenjemera. A Mphatso agwira mutu. "Agogo, ili si thabwa la chitseko." Ndani wanena za chitseko?

Lachitatu

Mphekesera: ku Songani kuli munthu ali ndi kabodi kakang'ono. Minibasi. Thumba la tomato la eni ake pamiyendo panga, wailesi pamwamba pa tomato, ine pansi pa zonse.

Munthuyo amaonetsa mafilimu m'kanyumba ka malata. Watulutsa kabodiko m'pepala la shuga pang'onopang'ono ngati khanda. Kakang'ono ndithu! Kobiriwira ndithu! Tasinthana ndi tambala wanga wofiira, mwana wake adzabwera kudzamutenga. Ndabwerera ndikuimba mluzu.

A Mphatso akayang'ana kamodzi kokha. "Agogo, aka ndi ka dikoda ya TV."

Tambala wapita kale, mwana wa ku Songani sachedwa. Mayi a Esinati akufunsa kuti ali kuti. Ndati wapita kukaphunzira za mafilimu.

Podutsa pa bawo, Che Bwanali akunola lumo pa lamba, osandiyang'ana n'komwe. Ndawauza anole bwinobwino, adzawengere zikhadabo zawo.

Kuchipinda, pa windo, sopo wometera watsopano. Sindinagule ine. Sindifunsa. Sindiopa sopo!

Lachinayi

Aleluya! A Mphatso andiitana. Apeza kabodi ka mpando woyenera, kochokera m'kompyuta imene ofesi ina inataya. Ubongo wakhala pa mpando wake khaa! Kabodi kalowa mu wailesi ngati kanabadwira momwemo.

Koma a Mphatso nkhope ili gwa. "Kukwana kwakwana, agogo, koma kabodi aka sikangadyetse chilombo ichi. Chimakoka magetsi ambiri, chikakoka chimatentha, chikatentha chimadzizimitsa." Ndati inenso ndinadyetsa nyumba yodzaza ana ndi malipiro a ku folesitale, palibe mwana anadzizimitsa.

Zokana kulowa m'bokosi:
- fani yoziziritsa ubongo, yaitali ngati chumuni, chivindikiro sichikutseka
- kabokosi kolandirira magetsi, kolemera ngati njerwa
- mawaya, mawaya, mawayanso

Munthu wa sowo sasowa chochita. Ndaboola denga la wailesi, fani yatulukira pamwamba, ndaiveka chipewa changa chakale. Njerwa ija ndaimangirira kumbuyo ndi mphira. Mayi a Esinati: "Ndiye wakuba aziti imeneyi ndi wailesi?" Akuba ambiri ndi opusa, mayi. Akadakhala anzeru bwenzi akuba ku nyumba za ngati yathu?

Lachisanu

Tsiku loyesa. Ndavala jekete. Ndalumikiza ku TV yapabalaza. Mayi a Esinati aima pakhomo, manja m'chiuno, phazi limodzi lili kale panja.

Batani.

Vuuuu! Chipewa chauluka mpaka pa kabati. Babu lachita ngati likukomoka. Mita ya magetsi ikuphethira ngati yaona njoka. Pa TV patuluka zilembo zachizungu, ndisanamalize liwu loyamba, thi! Bii. Bokosi lotentha ngati mbaula, munthu ukhoza kuwotchapo chinangwa.

Zimene ndayesa:
- kuikupiza ndi lichero, dzanja latopa, iyo ayi
- kuigoneka pa simenti yozizira ya kubafa
- kuizunguliza mabotolo a madzi oundana a kwa aneba, yayamba thukuta, a Mphatso pa foni akukuwa kuti ndichotse msanga
- kuilankhula mwaulemu
- kuilankhula mopanda ulemu

Mkamwini waimba. "Bambo, paja ndinati bodi yaikulu." Ndati sindikukumva mwana wanga, netiweki, netiweki, ndadula.

Ndaganiza bwino. Kabodi kalibe mlandu. Mlandu ndi wa kutentha kwa ku Chikamveka kuno. Ndatuluka panja, ndayang'ana phiri. Kumtunda kuja munthu umavala juzi ndi mu Okutobala momwe.

Loweruka

Wailesi m'dengu, dengu pamutu. Msuweni wanga Alifeyo ndi mlonda pa kanyumba ka alendo kumtunda kwa damu la Mulunguzi. Alendo kulibe, magetsi alipo, TV ilipo.

Njira yachidule ya otola nkhuni. Mawondo akudandaula ngati mahinjesi. Amayi osenza mitolo akutsika: "Agogo, mukukagulitsa wailesi kwa anyani?" Ndati eya, iwo amalipira osanenerera.

Kumtunda kamphepo kabwino m'mapaini. Tatsegula mawindo onse ndi chitseko chomwe. Batani.

Yayaka!!! Zilembo zadzaza TV, sizikuzima! Fani ikuimba ngati njuchi. Alifeyo wavula chisoti. Ndagwira ndevu zanga, ndaziuza kuti zisaope.

Ndaimbira Che Bwanali kuti akwere adzaone okha. "Tinati pa bawo, achimwene. Bawo lili pansi pano." Ndati nyamulani bawolo mubwere nalo! Akuti mawondo. Nanga mboni? Akuti mboni nazonso mawondo.

Tili mkati mokangana, Alifeyo akundikoka jekete. Fungo la mphira wopsa. Kautsi kowonda kakutuluka pamene kale pankatuluka nyimbo. Ndazula waya kukhoma. Kabodi kada bii pafupi ndi mpando. Ubongo wokha uli bwinobwino, wakhuta, ukungonyezimira.

Koma inayaka! Alifeyo anaona ndi maso ake awiri. Che Bwanali akuti msuweni si mboni.

Lamulungu

Che Bwanali afika ndisanamwe tiyi, lumo m'thumba la mkanjo, mboni kumbuyo. Lero mawondo awo achira onse. Madzi mayi a Esinati atenthetsa kale.

Ndakhala pa mpando pabwalo, mutu uli m'mwamba. Ndawauza kuti wagonja ndi bodi, osati ine. "Eya, eya. Tsekani pakamwa ndingakuchekeni." Ndevu zagwa. Nkhuku zabwera kudzaona.

Kutchalitchi mayi a Esinati alowa mbali ya amayi, ine pa benchi yanga ya masiku onse. Anthu akundisunthira mwaulemu wachilendo. Nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo, munthu amene ndinavina pa ukwati wake, akundiloza. "Tili ndi mlendo pakati pathu. Bambo, taimirirani mutiuze kumene mwachokera."

Nditani nanga? Ndaimirira. Ndati ndachokera kuphiri, ndafikira kwa mayi a Esinati, poti amuna awo akuti asowa. Kenako wina kumbuyo: "Aaa, mawuwo!" Phwete! Mpaka abusa avula magalasi. Kumbali ya amayi munthu mmodzi wabisa nkhope m'buku la nyimbo, ndipo pobwerera wayenda patsogolo panga njira yonse.

Masana ndamuimbira mkamwini. Ndati tumiza yaikuluyo, ndi bokosi lake lomwe. Akuti netiweki lero ili bwino, bambo. Ndati ili bwino.

Chibwano chikuzizira. M'nyumba muno ndi chokhacho chimene chazizira popanda fani.