Mpira Kapena Mtedza

Lolemba, 8 Okotobala 1956

Atsikana a pasukulu yathu sakupambana mpira wa manja. Buku langa silinama: masewera 9 chiyambire chaka, kupambana 0, zigoli zathu 11, za anzathu 143. Aphunzitsi a timu amene achoka m'zaka zinayi: atatu. Awiri tinawachotsa, wachitatu wathawa osatsanzika.

A Hedi aitanitsa komiti. Tilipo atatu: ine, a Nabanda, ndi a Phiri, mkulu wa mpingo. Mawu a Hedi ndi ochepa: "Loweruka mukakagonjanso ku Kabudula, bwalo lija ndilimapo mtedza."

Bwalo limenelo ndinalipima ndekha ndi chingwe ndikadali mphunzitsi. Zitsa 62 ndinazula ndi manja angawa. Mtedza? Ayi ndithu!

Dongosolo langa:
1. Mawa kulandira mayina a ofuna kuphunzitsa timu.
2. Lachitatu mafunso khumi, lililonse malikisi khumi.
3. Lachinayi kusankha.
4. Lachisanu kuyeserera.
5. Loweruka kupambana.

Chovuta palibe.

Lachiwiri

Mayina atatu.

A Sajeni, msuweni wa a Phiri. Anamenya nkhondo ku Bama. Ali ndi wezulo, mendulo ziwiri, mano 9 (ndawerenga akuseka).

A Mwale, mkamwini wa a Nabanda. Anabwera chaka chatha kuchokera ku Joni. Akuti masewerawa anawaona Azungu akusewera, posuzumira pampanda. Kawiri.

Mayi Naomi, mphunzitsi watsopano wa Sitandade 2. Anasewera zaka zinayi kusukulu yogonera komweko. Si mbale wa aliyense.

A Nabanda: "Kodi mwanayu kwawo nkuti? Amalume ake ndani?" Ndayankha kuti mpira sufunsa malume. Andiyang'ana masekondi asanu ndi awiri.

Lachitatu

Tsiku la mafunso. A Mwale sangakhale maso ndi maso ndi apongozi awo, choncho akhala kuseri kwa nkhokwe ya sukulu, ife kuno. Ine kufuula funso, iwo kufuula yankho, mbuzi kulowererapo. "Osewera amakhala angati?" "Zimatengera nyengo, mayi!" Malikisi 20, ndipo khumi mwa amenewo ndi aulemu chabe.

A Sajeni funso loyamba aliyankha ndi nkhani ya ku Bama. Mphindi 48. Adani amene anawathamangitsa okha lero akwana 30. Chaka chatha anali 12. Malikisi 10.

Mayi Naomi 90! Ndathyola nsonga ya pensulo ndi chimwemwe. Koma potuluka ayang'ana kubwalo: "Pepani, milongoti ija ndi yaifupi. Mkombero woponyamo mpira umayenera kukhala mapazi khumi kuchokera pansi."

Milongoti imeneyo anapereka ndi a Phiri, bulugamu wa m'munda mwawo, ndipo abusa anaipempherera. A Phiri atsokomola katatu, avala chipewa, apita.

Lachinayi

M'mamawa. Tepi yanga yosokera, mtondo wovundikira kuti ndikwerepo. Mlongoti wakum'mawa: mapazi 7, mainchi 4. Wakumadzulo: mapazi 7, inchi imodzi. Ndapima katatu.

Gwero lake ndalipeza. Dzinja lililonse chiswe chimadya tsinde. A Phiri, mwa chifundo chawo, amazula mlongoti, kudula podyekapo, nkuuzikanso. Zaka zisanu ndi chimodzi! Ana athu amaponya molunjika, koma m'munsi. Akapita kwa eni ake mpira umagunda mtengo pamimba. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake masukulu ena amakana kudzasewera kuno, amvekere "njira yakwanu ndi yoipa." Dera lonse la Nsaru likudziwa, koma woti auze mkulu wa mpingo palibe.

Ndiye kuti aphunzitsi atatu aja anachokera mlandu wa chiswe!

Msonkhano masana. Ndawerenga manambala onse mokweza. A Phiri: "Mtengo wopemphereredwa sufupika, mayi. Ana ndiwo atalika." A Nabanda: "Eti! Ana a masiku ano akukula ngati mapira."

Kuvota: a Sajeni 1, a Mwale 1, Mayi Naomi 1. Tabwereza kasanu ndi kamodzi, chimodzimodzi. Pomaliza agwirizana kuti sibwino kukhumudwitsa munthu, choncho a Sajeni ndi a Mwale aphunzitse onse awiri. Mayi Naomi azinyamula madzi "kufikira ataphunzira ulemu." Manja awiri m'mwamba. Langa pamwendo.

Lachisanu

Kuyeserera.

A Sajeni: perete. Lefuti, laiti, maola awiri, dzuwa lili pamutu. Mpira wakhudzidwa kanayi, kawiri ndi galu.

A Mwale ayamba kufotokoza m'mene amaponyera ku Joni. A Nabanda atulukira ndi ndowa, akupita kuchitsime. A Mwale zyoli m'nthochi. A Nabanda abwerera, aiwala nkhata. A Mwale m'nthochinso. Kasanu konse. Chiganizo chimene anayamba sichinathe mpaka pano.

Ndapempha kuti tikweze mkombero umodzi pansungwi, kwa lero lokha. A Hedi: "A Phiri angamve."

Ndanong'oneza Esinati, woponya wathu, kuti mawa aziloza kumwamba ngati akugenda mango. "Koma a Sajeni ati maso kutsogolo, mayi."

Mutu ukuwawa mbali zitatu.

Loweruka

Tanyamuka dzuwa lisanatuluke, wapansi. Osewera 7, aphunzitsi 2, wonyamula madzi 1, oonerera 23. Milongoti ya ku Kabudula ndaipima anthu asanasonkhane: mapazi khumi ndendende.

Masewera ayamba. A Sajeni aliza wezulo yawo kuti alimbikitse ana. Ana athu njo! Chilili, manja m'mbali, maso kutsogolo. Anzathu agoletsa. Zachitika kasanu ndi kamodzi.

A Mwale akulangiza ali kuseri kwa ngolo, pakuti apongozi akhala kutsogolo kwenikweni. Malangizo onse zamva ndi ng'ombe.

Popuma Mayi Naomi apereka madzi mogwada, ndi timawu tiwiri titatu m'khutu mwa Esinati. Zigoli zitatu motsatizana! Ndaimirira, ndalulutira, ine munthu wa zaka 66! A Phiri: "Mwaona? Perete ija."

Kenaka a Sajeni nawo asangalala, aliza wezulo.

Zotsatira: 19 kwa 3. Pobwerera sindinawerenge kanthu, kupatula matuza awiri kuphazi.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi a Hedi alengeza: mawa aliyense abwere ndi khasu. Milongoti izulidwe. Ndafunsa a Phiri ngati akamangire chigafa cha fodya. "Imeneyo? Ndi yaifupi, mayi." Anthu 14 amva. Palibe waseka.

A Sajeni ndi a Mwale athokozedwa ndi nkhuku imodzi imodzi. Mayi Naomi ayamikiridwa kuti madzi anali ozizira. Komiti yandisankha ine kukhala mphunzitsi wa timu, manja awiri m'mwamba, popeza ndimadziwa kupima. Timu yake ya makasu.

Lero ndi Sabata, chingwe sindigwira. Ndawerengera m'mutu: bwalo ndi mapazi 100, mzere uliwonse wa mtedza mapazi atatu, mizere 33, kutsala phazi limodzi. Paphazi lotsalalo mlongoti umodzi ungakwane, wa mapazi khumi. Ndalakwa kulankhula mokweza. A Phiri amva, alonjeza bulugamu wina, ndipo ati adzausamalira okha.

Chiswe ndalephera kuchiwerenga.