Kiyi wa Ambulansi Ali ku Mzuzu

Lolemba

Sabata yachitatu chibwerere ambulansi yathu. Njinga yamoto, yoyera mbee, ya bedi m'mbali, mphatso ya bungwe lina la kunja. Ine mzamba wa pachipatala chaching'ono chino ndinaiona kamodzi kokha, tsiku limene ankaitsitsa m'lole. Anaikhomera m'nyumba ya chidikiro, mogona amayi oyembekezera ochokera kutali, poti ndi yokhayo ya chitseko chachikulu. Amayiwo tinawabweza kwawo. Kiyi anapita naye ku Mzuzu a Kamanga, ofisala wa bungwelo. Akuti isayende mpaka mwambo wopereka uchitike.

Mwambowo ndi Lachitatu. Sabata ino ndikufuna chinthu chimodzi: njinga ituluke, amayi abwerere m'nyumba mwawo.

Zoti ndikonze:
laimu wopaka miyala
mipando makumi anayi ya kusukulu
kwaya
riboni
sizasi yodulira riboni. Yakuthwa ilipo imodzi, ya m'chipinda chochilira!

Kusikelo kwabwera NyaChirwa wa kumapiri, mimba yachinayi, mwezi wake ndi uno. Mwana wagona mopingasa. Ndamuuza apite kuchipatala chachikulu lero lomwe. Akuti, "Ama nesi, ana ndisiyira yani? Ada awo ali kunyanja, abwera Chisanu." Pogona pano palibe. Ndati, "Zikayamba tumizani munthu, Lachitatu ambulansi iyamba kuyenda." Ndanena ndi pakamwa pangapa.

Lachiwiri

Miyala yayera kuchokera kumsewu wa tala mpaka kuchimbudzi. Odwala malungo akudikira pabenchi, ife tonse tili ndi burashi m'manja.

Woyendetsa njinga ndi ada Mhone, mlonda wathu. Bungwe linawaphunzitsa masiku atatu paloji ina m'mphepete mwa nyanja. Ali ndi satifiketi, tisheti ndi chipewa. Ndawafunsa ngati anaikwerapo. Akuti, "Ama, tinaiona pakanema. Buleki ili kumanja. Kapena kumanzere."

Kwaya yapeka nyimbo. Dzina la bungwe ndi la Chingerezi, lalitali, likukana kulowa m'nyimbo. Agwirizana kuti aziimba "azungu a njinga".

Lachitatu

Tili pamipando kuyambira 8 koloko. Ana asukulu padzuwa, timbendera ta mapepala m'manja. Chinsalu cholembedwa chafika m'mawa, tachipachika pamtengo wa mango.

Masana, foni. A Kamanga. Njinga anaigula ndi mayiko awiri, koma pachinsalu chizindikiro cha dziko limodzi chakula kuposa chinzake. Enawo aona chithunzi, akwiya. Chinsalu chibwerere ku Lilongwe akachikonze. Mwambo Lachisanu.

Zimene tapindula lero:
ana awiri akomoka
mpunga wa ku Limphasa, wa alendo, tadya tokha
mvula yagwa, laimu yense wapita mu ngalande

Lachinayi

Ndaimbira a Kamanga. Ndati tibwerekeni kiyi chabe, tidzaitsuka, alendo sadzadziwa kuti inayendapo. Akuti, "Sisitala, katundu asanaperekedwe si wanu. Ikachita ngozi ine ndilemba chiyani?" Ndawafotokozera za NyaChirwa, zonse, mpaka mmene mwana wagonera. Akuti, "Muilembe m'lipoti imeneyo. Nkhani zotere otithandiza amazikonda."

Ndaimbira akuluakulu anga kuofesi. Njingayo sakuidziwa, sinalowe m'mabuku awo. Nanga mafuta? Akuti funsani bungwe. Bungwe likuti mafuta ndi udindo wa anthu a m'midzi, zinalembedwa m'pangano. Anthu a m'midzi panganolo sanalionepo. Ndipo lili m'Chingerezi.

Tapakanso laimu.

Ndasuzumira pawindo la nyumba ya chidikiro. Mavu amanga chisa pagalasi loonera kumbuyo. Iwo okha ndiye ayamba kale kuigwiritsa ntchito.

Lachisanu

M'mawa, uthenga pafoni: mwambo waimitsidwa. Mlendo wolemekezeka ali ku Lilongwe, kumsonkhano wa uchembere wabwino!

Cha m'ma 9 koloko akulowa mlamu wake wa NyaChirwa, mayi wachikulire, matope mpaka m'mawondo, mpweya wamuthera. Matenda ayamba. Dzanja la mwana latuluka.

A Kamanga foni yozimitsa. Ndayesa kanayi.

Ada Mhone sanafunse munthu. Atenga nkhwangwa, kawiri, loko pansi. Njinga taikankhira panja. Thanki ndi youma gwa. Batire mulibe. Kiyi wolizira ali limodzi ndi mnzake ku Mzuzu. Ada Mhone aikwera ndithu, koyamba m'moyo wawo, aponda, aponda, thukuta kamukamu. Zii.

Tatenga machira. Maola awiri kukwera phiri, njira yoterera. Ndampeza NyaChirwa pamphasa, wasiya kulira, akungoyang'ana denga. Amuna anayi amunyamula, ine pambali botolo la dripi m'mwamba. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera. Tagwa kamodzi.

Pamsewu wa tala galimoto zitatu zadutsa, imodzi yoyera ya bungwe lina, magalasi otseka. Yaima ndi ya nsomba. NyaChirwa wagona pakati pa madengu a usipa mpaka kuchipatala chachikulu.

Loweruka

Mayi ali moyo. Mwana ayi. Anali wamwamuna.

Chiberekero chinang'ambika, achichotsa. Adokotala sanandikalipire. Angofunsa kuti tinanyamuka nthawi yanji, ndawauza, alemba.

Mwamuna wake wabwera kuchokera kunyanja, akununkhabe palafini wa nyali zophera usipa. Wandigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Yewo, ama, mwayesetsa." Bola akanandilalatira.

NyaChirwa watsegula maso masana. Wandiyang'ana nthawi yayitali. "Ama nesi, munati Chitatu." Ndakonza bulangete lake ngakhale linali bwinobwino.

Ndabwerera kuno madzulo. A Kamanga afika kale, amva za loko. Apepesa za maliro, ndipo ndikuona kuti akupepesa zoona, maso awo ali ofiira. Akuti akanapereka kiyi ntchito ikanawathera, ali ndi ana asanu. Kenako atulutsa fomu. Ndilembe:
anathyola loko ndani
analamula ndani
chifukwa chiyani sitinatsate ndondomeko

Malo oyankhira funso lomaliza ndi mizere iwiri.

Ada Mhone aimitsidwa kaye pa uyendetsi, mpaka nkhani iunikidwe. Njinga yabwerera mkati. Loko watsopano ndi wamkulu kuposa woyamba.

Lamulungu

Amayi a kumapiri akaika kamwanako m'mawa, okhaokha, popanda nyimbo. Sindinapite. Miyendo yatupa, komanso sindikudziwa kuti ndikaima mbali iti.

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Pa zolengeza atithokoza ife achipatala chifukwa cha chitukuko chimene chikubwera. Anthu aomba m'manja.

Fomu ndalemba. Pa "analamula ndani" ndaika dzina langa. Ada Mhone ali ndi zidzukulu zowadalira, ine akandisamutsa ndingobwerera kwathu ku Mulanje.

Masana, uthenga wa a Kamanga. Chinsalu chakonzedwa, zizindikiro zafanana. Mwambo Lachitatu likubwerali, 10 koloko, osalephera. Alendo akufuna chithunzi. Ndiwapezere mayi woyembekezera, wa mimba yooneka bwino, wa nkhope yosangalala, woti agone pabedi la ambulansi pamene akudula riboni.

Ndatsegula kaundula wa sikelo. Alipo khumi ndi anayi. Ndasankha wokhala pafupi ndi msewu, woti tsiku lake likafika akhoza kubwera wapansi.