Pasiwedi ya pa Chinkhoswe cha Tadala

Mpaka lero ndikamva za chinkhoswe, ndimakumbukira pasiwedi ya waifai.

Mnzanga wa kuno ku South Bend ankatomera mtsikana wa ku Indianapolis, dzina lake Tadala. Mayi ake a Tadala anamanidwa viza, ndiye tinagwirizana kuti aonere mwambowo pafoni ali ku Ntcheu. Ntchito yowaonetsa inagwera ine (ndisaname, ndinaipempha ndekha, poti ndimaphunzira zamakompyuta).

Lachisanu ndinafika kuholo ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, ndi laputopu. Ndinayeza liwiro la intaneti, linali loopsa. Ndinatsegulanso kapulogalamu kamene kamatumiza timapaketi ta uthenga pa intaneti n'kumaona ngati tina tasochera panjira. Sipanasowe kapaketi n'kamodzi komwe. Ndinauza Tadala kuti asade nkhawa, amayi aona ndi ndolo zomwe. Sizinandibwerere kuti ndikuyeza holo yopanda munthu.

Loweruka anthu atadzaza, a Nachisale, mayi wamkulu wa kumpingo, anandikodola.

"Mwananga, tandikonekitirani. Achemwali anga ku Dowa aone nawo."

Munthu wamkulu ungamukanize? Ndinawalembera pasiwedi ya waifai. Koma a Nachisale sadya okha.

Pofika nthawi yoti ankhoswe apatsane nkhuku, mafoni anali m'mwamba paliponse, aliyense akuonetsa akwawo. Holo imodzi, koma Malawi yense anali momwemo, kuyambira Nsanje mpaka Chitipa! Pa laputopu timapaketi tinkasochera ngati mbuzi pamsika. Nkhope ya mayi ake a Tadala inauma, kukamwa kuli yasa.

"Amayi afiriza," anatero Tadala, misozi ili lengelenge. "Paja munati zili bwino, achimwene?"

Ndinasowa pobisala. Ndinakanjuta pambali pa a Nachisale n'kuwanong'oneza zomwe ndalakwitsa. Anandiyang'ana kamodzi, n'kukalanda maikolofoni.

"Tonse tizimitse! Akwathu tiwauza mawa. Aone kaye amene anabereka mwanayu."

Mafoni anatsika. Manambala anayamba kusintha ndikuona, timapaketi tikufika tonse. Kenaka sipika inalira: nthungululu ya ku Ntcheu, yomveka bwinobwino, yawoloka nyanja yamchere osaduka. Tadala analira, ine ndinalira nawo (ndinanamizira kuwala kwa laputopu).

Masiku ano wina akandipempha kuti ndimuyezere netiweki, laputopu imayamba yakhala m'chikwama. Ndimafunsa kaye kuti kubwera Amalawi angati.