Ndevu Pamwamba, Dazi Pansi

Chiuno changachi chandivinitsa zaka ndi zaka osandipusitsa, koma pamsika wa Chinakanaka chinandiyalutsa dzuwa likuswa mtengo.

Ndili ndi ana aamuna awiri, Juwawo ndi Mariko. Bere limodzi, zipani ziwiri. Juwawo amatsata mtsogoleri wa ndevu, Mariko wa dazi, ndipo moni anasiya kupatsana. Chinkhoswe cha Esinati, mwana wa mlongo wawo, chinangoima, kudikira kuti atsibweni awiriwa akhale pamodzi.

Aliyense anandibweretsera nsalu yodinda nkhope ya mtsogoleri wake. Ine ndisankhe uti? Wa ndevu analonjeza feteleza, feteleza sitinamuone. Wa dazi analonjeza mlatho, mpaka lero timawoloka titakweza nsalu m'mawondo. Ndinalandira zonse ziwiri (nsalu sikanidwa, anthuni).

Tsikulo ndinakacheza kwa Mariko nditavala ya dazi. Pobwerera, ng'oma pamsika, msonkhano wa a ndevu. Nanga Juwawo andione chonchi? Ndinasolola ya ndevu m'jumbo, kuikulunga pamwamba pa inzake, ulendo m'bwalo.

Ng'oma kukoma, ine kudula chiuno. Nthungululu kulira, ine kuwonjezera. Mfundo inamasuka osanditsanzika. Ndevu pansi, ine kuzipondaponda osadziwa, dazi lili poyera kumbuyoku, likugwedera uku ndi uku. Ng'oma zinati zii. Ine ndinapitirizabe pang'ono (ndimayesa woyimba watopa). Mayi wina anati ndine kazitape, wina anati andituma.

Juwawo anandikokera kuseri kwa okala.

"Amayi, mbali yanu ndi iti kwenikweni?"

"Mwanangu, ine ndinangomva ng'oma."

Dzuwa lisanalowe Mariko anali atamva kuti ndinabisa mtsogoleri wake ngati chovala cham'kati. Anatulukira akupuma moto, n'kupeza Juwawo ali kale pakhonde panga. Mphasa inali imodzi, anakhala pomwepo. Uyu kundikalipira, uyo kuvomereza. Uyo kuti ndawachititsa manyazi, uyu kuti, "Zoona, achimwene."

Achimwene! Ndinawerama ngati ndikulira, ndikutsina mayi a Esinati, omwe anali pambali panga, kuti athamange akauze akuchimuna kuti ankhoswe apezeka.

Chinkhoswe tinavina, onse awiri analipo. Panopa aliyense wa awiriwa amandinong'oneza kuti akudziwa kuti voti yanga ndi ya chipani chake, ine n'kumangogwedeza mutu, pakuti feteleza kulibe, mlatho kulibe, ndipo chala changachi sichikudziwabe kodinda.

Koma mfundo ndimamanga kawiri tsopano.