A Lameki ndi Magulu Awo Atatu a Malamulo

Pa Mtunthama panalibe munthu amene a Lameki Chimbalanga sanamufunsepo kuti lamulo n'chiyani. Ukawapatsa moni, ankakubwezera funso limenelo. Ena ankachita kuzungulira kuseri kwa msika powathawa.

A Lameki anasesa kukhoti zaka makumi awiri, ndipo ankati malamulo anawaphunzira tsache lili m'manja, khutu lili pachitseko. Atapuma ntchito anakhazikika pakhonde la golosale ya a Usumani, atavala jekete lakuda ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

"A Usumani, lamulo n'chiyani?"

"Ndi chimene Mulungu anaika mumtima mwa munthu, kuti adziwe chabwino ndi choipa."

"Ndinu a gulu loyamba. Anthu abwino zedi, koma milandu mumaluza."

Aphunzitsi ena anayankha kuti lamulo ndi chimene boma lalemba m'buku, kaya chikukoma kaya chikuwawa.

"Gulu lachiwiri limenelo," anatero a Lameki. "Inu buku litanena kuti mbuzi ndi njinga, mukhoza kuikwera mpaka ku Kasungu."

"Nanga inuyo muli gulu liti?"

"Lachitatu, la ife amene tinaona ndi maso. Lamulo ndi chimene woweruza wanena tsikulo. Akadzuka dzino likumuwawa, uzani akunyumba akubweretsereni bulangete."

Tinkaseka mpaka misozi.

Kenako kunabwera nkhani ya a Fainess, mlongo wawo wamasiye. Mwini esiteti ina ya fodya anatulukira ndi pepala la lizi, loti boma linamubwereka malo, akuti munda wa mayiwo uli m'malire ake. A Lameki anachapa jekete lija nawaperekeza kukhoti, ife tili pambuyo. Mlandu uli mkati a Lameki anaimirira.

"Bwana, mundawu anaswa mphanje ndi agogo athu. Mitengo ya mango ili m'menemo anadzala ndi mayi athu."

"Kodi ndinu loya?" anafunsa woweruza.

"Ayi, bwana, koma ndinasesa muno zaka..."

"Khalani pansi."

Anakhala. Woweruzayo sanali munthu wankhanza, ndipo dzino silinkamuwawa. Anawerenga pepala lija kawiri, nawayang'ana a Fainess mwachisoni, n'kugamula kuti achoke. Thirakitala inalowa m'munda chimanga chitayamba kumasula. A Fainess anakalowa utenanti ku Lisasadzi, kumalima fodya wa eni ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi.

Kuyambira pamenepo a Lameki sanafunsenso munthu. Ankangokhala pakhonde paja kuyang'ana malole a mabelo akudutsa. Tsiku lina a Usumani anayesa kuwaputa.

"Achimwene, magulu atatu aja ali kuti masiku ano?"

"Ndinawerenga molakwa," anayankha. "Alipo awiri basi. Okhala ndi pepala, ndi opanda pepala."

Anamwalira mvula yotsatira itangoyamba, atadwala chifuwa masabata atatu. A Fainess anafika maliro ataikidwa kale, chifukwa kapitawo anawakaniza kuchoka fodya asanathe kuwokera.

Pano pakhonde paja anaikapo makreti a zakumwa. Koma anthu akumidzi amabwerabe, kalata ya kukhoti ataikulunga m'pepala la shuga, kufunsa bambo a jekete aja, amene ankawamasulira makalata otere. A Usumani amawawerengera mawu onse bwinobwino. Akamaliza, munthu amafunsa kuti, "Ndiye zikutanthauza kuti andimanga?" A Usumani amangoipinda kalatayo n'kumubwezera.