Utaka wanga ndi makadi a Madamu

Musandiseke msanga, anzanga, dikirani ndimalize. Ine ndinali msodzi weniweni, masiku amene chambo tinkadya ife eni nyanja, osati alendo a m'mahotela a ku Senga Bay okha. Ngalawa ndinali nayo, koma ana anga anaigulitsa n'kugula njinga yamoto ya kabaza, ati ndakalamba, ndizingokhala pakhonde.

Mdzukulu wanga Esinati anabwereza Sitandade 1 chifukwa chosatha kuwerenga, ndipo aphunzitsi ake, amene ana amangoti Madamu, ananena kuti akapanda kugwira mawu chaka chino abwerezanso. Ndiye Loweruka lina ndinamuperekeza ku gulu lawo lowerenga, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndinapeza Madamu adula makatoni ngati nsomba, pa iliyonse alembapo liwu limodzi, mwana aziwedza ndi kandodo ka waya wopinda, akakola awerenge. Ife kale ankatilembetsa pamchenga ndi chala, ukalakwa chikoti, n'chifukwa chake ndinathawa ndili Sitandade 2. Koma nsomba ya katoni? Kwa mwana wa kunyanja?

"Madamu," ndinatero, "ana sakugwira mawu chifukwa nsomba zanuzi sizinunkhira. Ndisiyireni makadiwo sabata ino."

"Agogo, ndi okhawa. Musawanyowetse."

Lachisanu ndinatapa utaka wokazinga wa mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, iye ali kumsika ku Khombedza, ndipo ndinamangirira khadi lililonse kumchira wa utaka ndi ulusi wa ukonde wakale. Zala zinakumbuka ntchito, anthu inu! Ndinkangoona ngati malemu mkazi wanga ali pambali, akundinena kuti mfundo zanga n'zothina ngati mtima wanga.

M'mawa mwake ndinavala jekete la ukwati wanga, ndinakayala nsombazo pamphasa pansi pa mtengo wa mango uja. Fungo litangofalikira, ana anabwera ngakhale oyamwa. Woyamba kuwedza anakola, utaka uja mkamwa, khadi pansi.

"Werenga kaye, iwe!"

Mwana uja anatola khadi, nandilozetsa kumaso. "Agogo, apa akuti chiyani?"

Kodi ine ndikanadziwa bwanji? Zilembo za masiku ano n'zopindikapindika, komanso mafuta a nsomba anali atalowerera kale. Ndinangoti, "Funsa Madamu, ine ndine wa mbali ya nsomba."

Madamu asanayankhe, agalu a m'mudzi monse anafika, aja owonda amene amagona pansi pa mathandala oyanikirapo usipa. Palibe anawaitana. Aliyense anangoluma utaka wake n'kuliyatsa liwiro, khadi likuuluka kumbuyo, poti mfundo zanga sizimasuka. Madamu manja ali kumutu: "Makadi anga, mayo!"

Ine n'kuiwala kuti mawondo anatha kalekale. Ndinathamangira galu wakuda, iye n'kulumpha ngalande ya m'munda wa mpunga, ine n'kulumphanso, koma ndinangofika pakati. Matope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi inatsala komweko, thalauza linang'ambika malo amene sindingatchule pamaso pa amayi.

Ndili m'matopemo ndinamva mawu a Esinati, mwana amene m'kalasi sankatsegula pakamwa: "Wakudayo watenga khadi la 'ife'! Wofiirayo ali ndi la 'kuti'! Gwirani wa 'sukulu' uyo!" Ana onse anabalalika kuthamangitsa agalu, uku akukuwa mawu. Makadi amene anabwerako anali otafunidwa theka, koma Esinati anawawerenga onse, ine ndikutsukidwa pamjigo ngati chinangwa.

Mpongozi wanga sanandilankhule mpaka sabata inatha. Ana anga anaseka mpaka misozi, iwo amene sanaperekezepo mwanayo ngakhale tsiku limodzi. Madamu anadula makatoni ena, nati ndizibwerabe koma manja ali m'thumba.

Esinati anakhoza, ali Sitandade 2 tsopano, wandipeza. Vuto ndi limodzi: ukamupatsa buku amayamba walinunkhiza, kenako amati, "Agogo, ili lilibe ndiwo, sindiwerenga." Ine ndinalumbira, ndiwo sindidzapita nazonso kusukulu. Ana aphunzire ndi katoni youma, agalu a kuno anaphunzira mokwanira.